Nyumba za Okalamba: Zimene Mbiri ya Matchona Ikuphunzitsa Anthu a ku Lifuwu

Munthu wochokera ku Salima kulinga kunyanja, akapatuka pa msewu wa ku Senga Bay ndi kuloŵera chakumpoto, amafika pa Lifuwu, dera la asodzi ndi alimi a mpunga. Dzinali nlodziŵika m'dziko muno kaamba ka malo a boma ofufuzirapo za ulimi wa mpunga amene ali pamenepo. Dzuŵa likakwera, anyamata ali kugombe kusoka makoka ndipo amayi ali m'dambo, m'makonde mumatsala anthu amene kaŵirikaŵiri satchulidwa pokamba za chitukuko. Ameneŵa ndi nkhalamba zimene mphamvu zopalasira bwato ndi zogwirira khasu zinawathera. Kalembera wa m'chaka cha 2018 anapeza kuti m'Malaŵi munali anthu oposa 17 miliyoni, ndipo mwa anthu 100 alionse, pafupifupi 5 anali a zaka 60 kapena kuposerapo. Ena mwa iwo ali ndi ana ndi adzukulu owatungira madzi, koma ena alibe ndi mmodzi yemwe. Nchifukwa chake masiku ano m'mipingo, m'mizikiti ndi m'mabwalo a mafumu mwayamba kumveka funso lakuti, kodi sikungakhale bwino kumanga kanyumba kosungiramo okalamba ochepa, kuti azidya ndi kugona pamodzi pali wowayang'anira?

Funsoli likumveka lachilendo, komabe anthu olankhula Chicheŵa analoŵa kale m'nyumba zotere zaka zambiri zapitazo, ngakhale kuti kunali kunja kwa dziko lino. Mbiri yawo ingathandize aliyense wofuna kuyesa ubwino ndi kuopsa kwa maganizo ameneŵa.

Pa chikhalidwe cha Acheŵa ndi Ayao a m'mphepete mwa nyanja, munthu wokalamba anali wa mbumba. Gogo wamkazi ankakhala pakati pa ana ake aakazi ndi akamwini, ndipo nyumba yake, imene Acheŵa amaitcha kuka, ndimo munkagona atsikana osinkhuka. Iwo ankamutolera nkhuni ndi kumusinjira, iye nkumawalanga ndi kuwasimbira nthano. Gogo wamwamuna anali mwinimbumba kapena nkhoswe, wosasoŵa pa ukwati, pa mlandu ndi pa maliro. Mwambi wakuti akuluakulu ndi m'dambo mozimira moto unkanena za ntchito yeniyeni imene iwo ankagwira. Motero kusamala nkhalamba kunali kubwezerana, popeza nayo inali ndi chopereka. Komabe nkulakwa kuganiza kuti kale zonse zinali zosalala. Pa njala ya 1949, makamaka m'boma la Blantyre, mabanja ambiri anapasuka, amuna ena anathaŵa akazi awo, ndipo m'misasa imene boma linatsegula yodyetseramo anthu munadzaza ana aang'ono ndi okalamba osiyidwa. Mbumba inkasunga munthu pamene nkhokwe inali ndi kanthu ndiponso pamene ogwira ntchito anali pamudzi.

Chimene chinayamba kuchotsa ogwira ntchitowo pamudzi ndi msonkho wa nyumba umene atsamunda anakhazikitsa m'zaka za m'ma 1890. Posoŵa ndalama, amuna anauyamba ulendo wa kummwera, poyamba wapansi, pambuyo pake pa malole ndi pa sitima. Njanji inafika ku Salima m'chaka cha 1935, chaka chomwe mlatho waukulu wa pa Zambezi unatsegulidwa, ndipo kuyambira pamenepo mnyamata wa kunyanja sankavutikanso kupeza njira. Bungwe la Wenela linkalemba anthu opita ku migodi ya golide ya ku Johannesburg, kumene aliyense amati ku Joni, pamene la Mthandizi linkalemba opita ku mafamu ndi migodi ya ku Southern Rhodesia. Pofika m'chaka cha 1973, Amalaŵi oposa 100,000 anali m'migodi ya ku South Africa. Pa 4 April 1974 ndege ya Wenela inagwa ku Francistown m'dziko la Botswana ndi kupha Amalaŵi 74 amene ankabwerera kwawo, ndipo Dr H. Kamuzu Banda analetsa kulemba anthu. Kulembako kunayambiranso m'chaka cha 1977, mpaka kunatheratu m'chaka cha 1988.

A ku Joni ambiri ankabwerako, chifukwa pangano lawo linali ndi malire. A ku Rhodesia zinali zosiyana. Munthu ankachoka pa famu ina kupita pa ina, zaka nkumapita, makalata nkuleka, ndipo kumudzi ankangoti uje anatchona. Matchona ameneŵa atakalamba anapezeka pa mpanipani. Nyumba ya m'komboni kapena ya m'lokeshoni inali ya munthu wogwira ntchito, tsono ntchito ikatha ndiye kuti malo ogona athanso. Lamulo la penshoni ya okalamba limene dzikolo linakhazikitsa m'chaka cha 1936 silinkakhudza anthu akuda, poganiza kuti wakuda akakalamba adzabwerera kumudzi kwawo kukalima. Mshona ndi Mndebele anali nako kobwerera. Mnyasalandi analibe munda m'dzikomo, ndipo kubwerera ku Salima, ku Dedza kapena ku Nkhotakota chimanjamanja patapita zaka 40 kunali kochititsa manyazi, ngakhale ndalama ya ulendo ikanapezeka.

Umu ndi momwe nyumba zosungiramo okalamba achikuda zinadzazira m'dziko limene tsopano ndi Zimbabwe. Mipingo ndi mabungwe achifundo anatsegula nyumba monga Bumhudzo ya mpingo wa Salvation Army ku Chitungwiza, Entembeni ku Bulawayo, Zororai ku Mutare ndi ya bungwe la Society for the Destitute Aged ku Highfield mumzinda wa Harare. Akatswiri amene anayendera nyumbazi m'zaka za m'ma 1980, monga wansembe Joe Hampson ndi mphunzitsi Andrew Nyanguru, anapeza kuti gaŵo lalikulu la okhalamo linali la amuna ochokera ku Malaŵi, Mozambique ndi Zambia. Phunziro loyamba la mbiriyi lili pamenepa: nyumba ya okalamba imabadwa pamalo pamene mbumba yaduka. Kumene kunali munda ndi adzukulu, anthu ofuna malo m'nyumbazo anali ochepa.

Kodi nyumbazo zinawapatsa chiyani matchona aja? Zinawapatsa denga, bulangete, nsima ya tsiku ndi tsiku ndi wowaperekeza ku chipatala. Zinawapatsanso chinthu china chimene kwa munthu wa kuno nchachikulu kwambiri, ndicho chiyembekezo cha maliro aulemu. Amalaŵi a kumeneko ankaopa kwambiri kufa ngati wopanda mwini ndi kuikidwa ndi akaidi, ndipo nchifukwa chake anatchuka poyambitsa magulu othandizana pa maliro. Koma nyumba zina zinawalandanso kanthu. Munthu amene moyo wake wonse anali kapitawo, mmisiri kapena wophika ankasanduka wongodikira belu la chakudya, wosafunsidwa maganizo, wosoŵa chochita kuyambira m'maŵa mpaka madzulo. Pofuna kupeŵa zimenezi, nyumba ya pa Melfort, pa msewu wochokera ku Harare kupita ku Marondera, inayesa njira ina. Okhalamo ankalima ndiwo zamasamba, kuŵeta ziŵeto zazing'ono ndi kuthandizana okhaokha monga pamudzi, amphamvu pang'ono nkumasamala ofooka. Phunziro lachiŵiri ndi limeneli, lakuti wokalamba amafuna chakudya, koma amafunanso kuti wina azimufuna.

Maiko a azungu anadutsa m'njira yomweyi kale. Ku England, lamulo la amphaŵi la 1834 linaunjika osauka m'nyumba zikuluzikulu momwe mwamuna ndi mkazi wake ankalekanitsidwa, ndipo okalamba ankaziopa ngati ndende. Ku France, m'chaka cha 1839, mayi wina wantchito dzina lake Jeanne Jugan ananyamula nkhalamba yakhungu ndi kuigoneka pa bedi lake m'tauni ya Saint-Servan, ndipo pa chiyambi chochepacho panatuluka gulu la masisitere losamala okalamba osauka limene linafalikira m'maiko ambiri. M'chaka cha 1962 katswiri wa ku Britain, Peter Townsend, atayendera nyumba zambiri za okalamba, analemba buku lotchedwa The Last Refuge, momwe anasonyeza kuti m'nyumba zazikulu munthu amataya dzina, ufulu ndi abwenzi. Kuyambira nthaŵi imeneyo maiko ambiri anayamba kukonda nyumba zazing'ono ndiponso kuthandiza okalamba ali m'makomo mwawo.

Ku Malaŵi mbumba inapirira nthaŵi yaitali kuposa m'makomboni a ku Rhodesia, koma nayo inalandira mikwingwirima. Matenda a Edzi, amene anapezeka koyamba m'dziko muno m'chaka cha 1985, anatenga anthu a msinkhu wapakati, amene akanasamala makolo awo, ndipo m'midzi ya asodzi anakolola kwambiri. Mankhwala otalikitsa moyo anayamba kuperekedwa kwaulere m'chaka cha 2004, koma pofika nthaŵiyo agogo ambiri anali atasanduka olera ana amasiye m'malo moleredwa. Njala ya 2002, imene inasautsa kwambiri boma la Salima, inakokolola mbuzi, nkhuku ndi ziŵiya za m'nyumba. Pamwamba pa zonsezi panabwera nkhanza zonamizira okalamba ufiti. Lamulo la 1911 limaletsa kunena munthu kuti ndi mfiti, komabe m'mwezi wa January 2016, m'mudzi wa Chimbalanga kwa Mfumu Dambe m'boma la Neno, nkhalamba 4 zinaphedwa ndi anthu a m'mudzi momwemo, mphenzi itapha mtsikana wina. Motero dziko lino linayamba kukhala ndi matchona a mtundu watsopano, anthu osoŵa kwawo ali m'mudzi momwe anabadwira.

Poona zimenezi, Amalaŵi ena anayamba kutsegula nyumba zawo. Yodziŵika kwambiri ndi ya Mai Mbambande m'boma la Lilongwe, imene anayambitsa Deborah Mbale, yolandira okalamba osiyidwa ndi othamangitsidwa. Bungwe la MANEPO, lomwe limagwirizanitsa mabungwe oona za okalamba, linalimbikira kuti pakhale lamulo. Boma linatulutsa ndondomeko ya okalamba m'chaka cha 2016, ndipo m'chaka cha 2024 Nyumba ya Malamulo inavomereza lamulo loteteza ufulu ndi chisamaliro chawo. Tsono funso la nyumba yaing'ono lafika pakhomo, ndipo nkoyenera kuliyesa mbali zonse ziŵiri.

Ubwino wake woyamba ngwoonekeratu. Pali okalamba amene pakapanda nyumba yotere afa: wakhungu wokhala yekha m'nyumba yodontha, wopuwala ziwalo wosoŵa womutembenuza, wozweta mutu chifukwa cha ukalamba amene amasochera usiku ndipo anthu akamupeza pa khomo la eni amati wagwa pa ndege ya ufiti. Kwa otereŵa, mpanda ndi mlonda ndi moyo. Ubwino wachiŵiri uli m'kuchepa komweko. Pamene pali anthu 8 kapena 10, wosamala amadziŵa aliyense ndi dzina ndi mfunda wake. Amadziŵa amene sadya nyama ya nkhumba, amene amaswali kasanu pa tsiku, amene amafuna phala lamadzimadzi chifukwa mano anatha. Akaona kuti wina wasiya nsima m'mbale, amazindikira tsiku lomwelo kuti pali chovuta. Ubwino wachitatu ngwakuti nyumba yaing'ono ingathe kumangidwa m'mudzi mwenimweni, pafupi ndi chipatala chaching'ono monga cha pa Lifuwu, kotero kuti wokalamba amamvabe mkokomo wa mwera, amalandirabe adzukulu a anansi ndipo amapitabe ku maliro a anzake.

Komatu walira mvula walira matope. Kuopsa koyamba nkwakuti nyumba yaing'ono kaŵirikaŵiri imatsamira pa munthu mmodzi ndi pa thumba limodzi. Woyambitsayo akadwala, akasamuka kapena akamwalira, kapena wopereka thandizo wa kunja akatopa, nkhalamba zimatsala pa mtetete, zitasiya kale minda ndi nyumba zawo. Ku Zimbabwe zimenezi zinaoneka poyera. Kulandidwa kwa mafamu kuyambira m'chaka cha 2000 kunachotsa antchito okalamba ambiri ochokera ku Malaŵi pamalo pamene anakhala zaka zonse, ndipo pofika m'chaka cha 2008, ndalama ya dzikolo itasanduka mapepala, nyumba zowasunga zinavutika kupeza ngakhale ufa. Mwana angathe kuyembekeza kuti zinthu zisinthe, koma munthu wa zaka 80 sangagone ndi njala sabata yathunthu.

Kuopsa kwachiŵiri ndi kusoŵa kwa maso a anthu ena. Pamene ofooka atsekeredwa ndi wamphamvu mmodzi, popanda woyendera, pangachitike zoipa zimene palibe angazimve, pakuti wokalamba wodalira mbale ya munthu sangadandaule za munthuyo. Chitsanzo choŵaŵa chinachitika m'chigawo cha Gauteng ku South Africa m'chaka cha 2016, pamene akuluakulu a zaumoyo, pofuna kupulumutsa ndalama, anachotsa odwala matenda a maganizo m'zipatala za Life Esidimeni ndi kuwagaŵira ku timabungwe ting'onoting'ono, tambiri mwa ito topanda ziphaso zoyenera ndi antchito ophunzira. Anthu 144 anamwalira, ambiri ndi njala, ludzu ndi kuzizidwa. Iwo sanali okalamba onse, koma anali ofanana nawo pa kusoŵa mphamvu zodziteteza. Kuchepa kwa nyumba pakokha sikutsimikiza chifundo. Mtima wabwino wopanda luso sudziŵa kusamala zilonda za wogonera mbali imodzi, kapena kupereka mankhwala a shuga ndi a kuthamanga kwa magazi pa nthaŵi yake.

Kuopsa kwachitatu ndi matenda opatsirana. Mliri wa COVID-19 utabuka m'chaka cha 2020, m'dziko la Canada anthu pafupifupi 8 mwa 10 alionse amene anamwalira m'miyezi yoyambirira anali a m'nyumba zosamalira okalamba ndi odwala. Kuno kunyanja mdani wapafupi ndi malungo ndi kolera. Kolera wa m'zaka za 2022 ndi 2023 anapha anthu oposa 1,700 m'dziko muno, ndipo maboma a m'mphepete mwa nyanja, kuphatikizapo Salima, anakhudzidwa kwambiri. Kusonkhanitsa anthu ofooka pa chitsime chimodzi ndi chimbudzi chimodzi kumafuna ukhondo wosalekeza ndiponso galimoto yodalirika yothamangira ku chipatala chachikulu cha ku Salima, ngakhale m'nyengo ya dzinja pamene misewu ya m'madambo imavuta.

Kuopsa kwachinayi nkobisika, koma ndi kumene kungawononge mudzi wonse. Nyumba yomangidwira opanda abale imayamba kukopa amene ali ndi abale. Mphwake amene akusirira munda wa mpunga wa amalume ake kapena malo a m'mbali mwa gombe, amene masiku ano akugulidwa ndi omanga malo ogona alendo, angaone kuti njira yapafupi ndi kukatula nkhalambayo kumeneko. Ndipo ngati onse okhala m'nyumbamo ndi othamangitsidwa pa nkhani ya ufiti, anthu sachedwa kuitcha nyumba ya afiti, kotero kuti malo othaŵirako amasanduka chizindikiro chotsimikiza bodza lija. Zikatero, nyumba imene inabwera kudzatseka mpata wa mbumba yoduka imayamba kudula mbumba zimene zinali zamoyo.

Nchifukwa chake poyesa nyumbayi nkofunika kukumbukira kuti pali njira zinanso. Ndondomeko ya Mtukula Pakhomo, yopereka ndalama kwa mabanja osaukitsitsa opanda wogwira ntchito, inayambira ku Mchinji m'chaka cha 2006, ndipo Salima linali limodzi mwa maboma oyambirira kuilandira. Ambiri mwa mabanja olandira amatsogozedwa ndi okalamba. Dziko la Lesotho linayamba kupereka penshoni kwa anthu a zaka 70 kupita m'tsogolo m'chaka cha 2004, ndipo Zanzibar anachita chimodzimodzi m'chaka cha 2016. Gogo amene ali ndi kandalama kake mwezi ndi mwezi sakhala mtolo pakhomo, popeza amagula sopo, amalipira waganyu wofolera denga, ndipo mdzukulu amakhala naye mosanyinyirika. Ndalama yosungira munthu mmodzi m'nyumba ya okalamba ingathe kuthandiza angapo ali m'makomo mwawo, mpingo kapena mzikiti nkumawayendera.

Tsono ngati anthu a ku Lifuwu, kapena a mudzi wina uliwonse kuyambira ku Chitipa mpaka ku Nsanje, atafuna kumanga nyumba yotere, mbiri ikuwapatsa mafunso oti ayambe ayankha njerwa isanaumbidwe. Kodi olandiridwa adzakhala okhawo amene mfumu, a zaumoyo ndi a ofesi yoona za chisamaliro cha anthu atsimikiza kuti alibiretu kolowera? Kodi munda ndi nyumba ya woloŵamo zidzakhalabe m'dzina lake? Kodi nyumbayo idzakhala ndi dimba, khola ndi nkhokwe yakeyake, kuti thandizo la kunja likaleka moto usazime pa mafuwa? Kodi woyambitsa akachoka, pali komiti ya m'mudzi yodziŵa za ndalama ndi yokhoza kupitiriza, popeza mutu umodzi susenza denga? Kodi chitseko chidzakhala chotsegula kwa woyendera wa boma, kwa abusa ndi mashehe, ndi kwa mwana aliyense wofuna kudzamva nthano? Ndipo kodi okhalamo adzakhala ndi mawu pa za chakudya chawo, mapemphero awo ndi malo amene adzaikidwe?

Kumene mafunso ameneŵa ali ndi mayankho, nyumba yaing'ono ingakhale kuka kwatsopano, kosunga ochepa amene mbumba yawalephera. Kumene alibe mayankho, nkwabwino ndalamazo zigule malata ndi ufa, zipite ku makomo kumene okalambawo ali kale. Amuna a ku Salima amene anakwera sitima m'zaka za m'ma 1940 ali anyamata sanaganizepo kuti adzatsirizira moyo wawo pa bedi la chifundo ku Bulawayo kapena ku Mutare. Achinyamata amene lero akukwera basi ya ku Joni, ndi anzawo otsala akukoka makoka pa gombe la Lifuwu, ndiwo nkhalamba za m'zaka za m'ma 2070, ndipo dongosolo limene mudzi ukonze tsopano ndi lomwe lidzawalandire iwowo.